Mndandanda wa Nyengo za Dziko Lapansi ndi Anthu Amene Anaukonza

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi.



M'mabuku a sayansi ndi a jografe muli tsamba lina limene ana ambiri amaliopa, ndipo aphunzitsi ena amalilumpha mwakacetecete. Pa tsambalo pali maina acilendo osanjikizana ngati makwerero: Cambrian, Ordovician, Silurian, Devonian, ndi ena otero kufikira pamwamba, ndipo pambali pa dzina liri lonse pali ciwerengero ca zaka cimene mutu wa munthu sungathe kucisenza. Mwana wacangu amaloweza mainawo monga alowezera maina a mitsinje, nawaiwala mayeso atatha. Koma mwana wocenjera amakweza dzanja nafunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, anaona ndani? Analipo ndani pamene zakazo zinali kupita?" Mphunzitsi amene alibe coyankha koma kuti buku latero wamana mwanayo gawo lokoma la phunzirolo. Pakuti mndandandawo unakonzedwa ndi anthu, ena osauka, ena odzikuza, wina mphunzitsi wa sukulu, pa zaka zoposa 300. Ndipo anaukonza pa nchito ziwiri zosiyana zimene siziyenera kusokonezedwa.

Nchito ziwirizo munthu ali yense wokulira kumudzi azidziwa. Nkhalamba ziwiri zimene zinabadwa kusanabwere zikalata sizidziwa caka cimene zinabadwa, komatu sizikangana za wamkuru ndani. Wina amati iye anali kuweta kale mbuzi pamene mnzaceyo anali kumbuyo kwa amace, ndipo mudzi wonse umabvomereza. Kudziwa amene anatsogola kubadwa ndi nkhani ina, kudziwa ciwerengero ca zaka zace ndi nkhani inanso. Za miyala zinayenda cimodzimodzi. Pofika caka ca 1880 akatswiri anali atadziwa bwino nyengo imene inatsogola ndi imene inatsata, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kutalika kwace kwa nyengozo. Ziwerengero zinadza pambuyo, ndipo zasinthidwa kambiri. Koma dongosolo la mainawo lakhala cikhalire.

Kale lomwe anthu a m'maiko osiyanasiyana anaona zigoba za m'nyanja pamwamba pa mapiri, nazizwa. Shen Kuo wa ku China, amene analemba ca m'ma 1088, anapeza zigoba m'mapiri a Taihang kutali ndi nyanja, nanena kuti pamenepo panali gombe nthawi yamakedzana. Koma amene anayala maganizo otere m'malamulo omveka ndiye Nicolas Steno, mbadwa ya ku Denmark, katswiri wa kapangidwe ka thupi, amene anali kukhala ku Florence m'dziko la Italy. M'caka ca 1666 asodzi anagwira cinsomba cacikuru ca shaki pafupi ndi Livorno, ndipo mutu wace unatumizidwa kwa Steno kuti aupende. Poyang'ana mano ace anaona kuti afanana kotheratu ndi timiyala tosongoka timene anthu anali kutola m'matanthwe namaticha malilime a mwala. Tsono dzino lolimba linalowa bwanji m'kati mwa thanthwe lolimba? Steno anayankha kuti pamene dzinolo linagweramo thanthwelo linali likali matope.

M'buku lace la 1669 anapitiriza maganizowo. Matope ndi mcenga zimakhazikika pansi pa madzi mogona. Cotero gawo la pansi ndilo linayamba kuyalidwa, ndipo la pamwamba linadza pambuyo. Ngati magawo a miyala apezeka opendekeka kapena oimirira, ndiye kuti cinthu cina cinawagwedeza ataumbika kale. Mwana ali yense amene anakumbapo pa dzala amva lamuloli msanga: phulusa la pansi ndi la agogo, la pamwamba ndi la dzulo. Lamulo laling'ono limeneli ndilo maziko a mndandanda wonse.

Steno sanawerenge zaka. Anthu ophunzira a masiku ace anali kukhulupirira kuti dziko liri ndi zaka zikwi zowerengeka cabe. Ndipo Bishopu James Ussher wa ku Armagh, poonkhetsa mibadwo ya m'Malembo pamodzi ndi mbiri za mafumu akale, analemba m'caka ca 1650 kuti dziko linalengedwa m'caka ca 4004 Kristu asanabadwe. Ciwerengeroco cinali nchito ya Ussher mwini, imene osindikiza mabuku anadzaika m'mphepete mwa masamba a Mabaibulo a Cingerezi. Aphunzitsi a sukulu za mishoni, amene amakomana ndi funso limeneli kawirikawiri, acita bwino kudziwanso kuti ambiri a iwo amene anakonza mndandanda wa nyengo anali anthu a mpingo: Steno mwini anadzakhala bishopu m'caka ca 1677, ndipo William Buckland, William Conybeare ndi Adam Sedgwick onse anali abusa.

Giovanni Arduino, woyang'anira migodi kumpoto kwa Italy, anagawa miyala ya kwao m'magulu m'caka ca 1759, naicha yoyamba, yaciwiri ndi yacitatu, ndiyo Primary, Secondary ndi Tertiary. Dzina lacinai, Quaternary, linaonjezedwa m'caka ca 1829, ndipo ndilo likali pa mndandanda kufikira lero. Koma amene anaona kuya kwace kwa nthawi anali James Hutton wa ku Scotland, munthu wophunzira za mankhwala amene anasankha ulimi. Hutton anali kupenya dothi la m'minda yace likukokoloka ndi mvula caka ndi caka, nalingalira kuti mapiri onse akutha motero, ndi kuti matope ace akuumba miyala yatsopano pansi pa nyanja. M'caka ca 1788 anakwera ngalawa ndi anzace awiri, John Playfair ndi James Hall, nafika pa thanthwe la m'gombe lochedwa Siccar Point. Pamenepo magawo a mwala wotuwa aimirira ciriri, ndipo pamwamba pace pagona mwala wofiira wa mcenga. Taganizani zimene zinayenera kucitika. Matope anayalidwa pansi pa nyanja mogona, naumbika mwala. Mwalawo unapindidwa, nuimirira, nukwezedwa kukhala mtunda. Mvula ndi mitsinje zinaudya kufikira unasalala. Pamenepo mcenga wofiira unadzayalidwa pamwamba, nawonso nuumbika mwala. Zonsezi zinacitika pa liwiro la dothi lokokoloka m'munda. Lero kwadziwika kuti pa mzere wolekanitsa miyala iwiriyo pasowa zaka zoposa mamiliyoni 60.

Komabe panali bvuto limene lamulo la Steno silinathe kulimasula. Dzala la mudzi uno linena za mudzi uno wokha. Nanga munthu adzadziwa bwanji kuti gawo lakuti pa phiri lino ndi lausinkhu umodzi ndi gawo lakuti pa phiri lina, mtunda wa masiku khumi, pamene maonekedwe a miyalayo asiyana?

Amene anamasula bvutoli sanapite ku sukulu yaikuru. William Smith anabadwa m'caka ca 1769 m'mudzi wa Churchill ku England, mwana wa mmisiri wosula zitsulo, ndipo atate wace anamwalira iye akali mwana. Anadziphunzitsa yekha kupima malo, nalembedwa nchito pa ngalande imene anali kukumba ku Somerset yoti mabwato adzinyamuliramo malasha. Nchitoyo inamlowetsa m'migodi ndi m'maenje tsiku ndi tsiku, ndipo anaona kuti magawo a miyala atsatana m'dongosolo limodzimodzi paliponse. Anaonanso cinthu cina coposa ici. Magawo awiri a dongo lotuwa angathe kufanana kotero kuti diso silingawasiyanitse, koma zigoba zosanduka mwala zimene ziri m'kati mwace sizifanana. Gawo liri lonse liri ndi zotsalira za zamoyo zace zace, ndipo zimenezi sizisinthana malo. Munthu wozidziwa angathe kutola cigoba m'munda wa mlendo nanena kuti malasha ali pansi pano, kapena kuti kukumba pano nkutaya ndalama.

Smith anayenda dziko lonse la England ndi Wales pa kavalo, pa gareta ndi pansi, zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo m'caka ca 1815 anaturutsa mapu akuru a miyala ya dzikolo, opakidwa mitundu ndi manja. Mapuwo sanamlemeretse iai. Akuruakuru a bungwe la Geological Society ku London, amene anali anthu acuma, sanamuitane kukhala mmodzi wa iwo, naturutsa mapu ao ao. Ndipo m'caka ca 1819 Smith anatsekeredwa m'ndende cifukwa ca ngongole. Ulemu unamfika atakalamba, pamene bungwe lomwelo linampatsa mendulo yace yoyamba ya Wollaston m'caka ca 1831. Ku France, Georges Cuvier ndi Alexandre Brongniart anapeza lamulo lomweli m'miyala yozungulira Paris. Ndipo Cuvier, amene anaonetsa m'caka ca 1796 kuti njobvu zakale za ubweya zinali mtundu wina umene unatheratu, anaunikira cifukwa cace. Mtundu wa zamoyo ukatha subweranso, cotero zotsalira zace zikhala cizindikiro ca nyengo imodzi yokha.

Njira itapezeka, maina anadza mothamanga, ndipo mphunzitsi akawamasulira ana amaleka kuwaopa, pakuti ambiri ndi maina a malo kapena a zinthu wamba. Carboniferous, dzina la m'caka ca 1822, litanthauza nyengo ya malasha. Cretaceous, la caka comweco, licokera ku mau a Cilatini otanthauza coko, coko comwe ca pa bolodi. Jurassic ndi mapiri a Jura pakati pa France ndi Switzerland. Triassic, la 1834, linena za magawo atatu a miyala ya ku Germany. Devonian, la 1839, ndi dera la Devon ku England. Ndipo Permian, la 1841, ndi dera la Perm ku Russia. Mainawa sanadze m'dongosolo la msinkhu wao, ndipo panalibe mfumu yowagawa; munthu ali yense anacha miyala imene anaipenda, ndipo pambuyo pace anawalumikiza monga zigamba za nsaru. Charles Lyell anagawa miyala ya Tertiary m'caka ca 1833 mwa njira yofuna kuleza mtima: anawerenga mitundu ya nkhono za m'nyanja m'gawo liri lonse, naona ingati mwa iyo ikali ndi moyo. Kumene inali itatu kapena inai yokha pa zana anacha Eocene. Kumene inali yosafika makumi awiri anacha Miocene. Kumene inacuruka koposa anacha Pliocene. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo apa mwambiwo unakwanira ndithu. M'caka ca 1841 John Phillips, mphwace wa William Smith amene analeredwa ndi iye, anasonkhanitsa nyengo zonse m'zigawo zitatu zazikuru, Palaeozoic, Mesozoic ndi Cainozoic, ndiko kuti moyo wakale, moyo wapakati ndi moyo watsopano.

Nchitoyi sinayende mopanda ndeu. Adam Sedgwick, mphunzitsi wamkuru wa ku Cambridge, ndi Roderick Murchison, amene kale anali msilikari, anali mabwenzi. Murchison ameneyu ndiye uja anadzathandiza David Livingstone pa maulendo ace, kotero kuti Livingstone anacha mathithi a mtsinje wa Shire dzina lace. M'caka ca 1831 awiriwa anayamba kupenda miyala yakale ya ku Wales. Sedgwick anagwira kumpoto, m'miyala yopindikapindika yosowa zigoba, kuyambira pansi kukwera. Murchison anagwira kumwera ndi kumalire, m'miyala yodzala ndi zigoba, kuyambira pamwamba kutsika. M'caka ca 1835 analengeza nyengo ziwiri: Cambrian ya Sedgwick, kucokera ku dzina la Cilatini la dziko la Wales, ndi Silurian ya Murchison, kucokera ku pfuko la Silures limene linalimbana ndi Aroma. Koma monga acitira alimi awiri olima moyang'anizana popanda malire, makasu ao anakomana m'munda umodzi. Zigoba za m'magawo a pamwamba a Sedgwick zinapezeka kuti ndi zomwezo za m'magawo a pansi a Murchison. Murchison, munthu wokonda ulemu, anafutukula Silurian yace kufikira inameza pafupifupi Cambrian yonse; Sedgwick anawawidwa mtima, ndipo awiriwa analeka kulankhulana. Murchison anamwalira m'caka ca 1871, Sedgwick m'caka ca 1873, mlandu usanathe.

Anaweruza mlanduwo ndi mphunzitsi. Charles Lapworth anaphunzira nchito ya uphunzitsi pa koleji ya mpingo ku Culham, napita kukaphunzitsa ana pa sukulu ya ku Galashiels m'dziko la Scotland m'caka ca 1864. Masiku opuma anali kuyenda m'mapiri a kufupi ndi nyundo ndi thumba. Akatswiri a boma anali atanena kuti mwala wakuda wa kumeneko uli m'magawo ambirimbiri osanjikizana, okuya zedi. Lapworth anapenda timizere tina ta m'mwalamo tochedwa graptolites, zotsalira za tizilombo ta m'nyanja, timene tioneka ngati zolemba za pensulo pa sileti. Pa cigwa ca Dob's Linn anakwawa thanthwe ndi thanthwe, nalemba mtundu uli wonse ndi malo ace enieni, kufikira anaonetsa kuti magawo ambiri aja ndi magawo ocepa omwewo opindidwa kambirimbiri monga mphasa yopindapinda. Atadziwa tizilomboto motero, anaona kuti m'miyala imene akuru aja anakanganirana muli magulu atatu a zamoyo, osati awiri. M'caka ca 1879 anapempha kuti gawo lapakati likhale nyengo payokha, nalicha Ordovician, dzina la pfuko lina lakale la ku Wales. Ena anacedwa kubvomera, ndipo msonkhano wa akatswiri a maiko onse unalandira dzinali m'caka ca 1960, mwini wace atamwalira zaka makumi anai zapitazo.

Apa nchito yoyamba inatha, ndipo yaciwiri inali ikali kubvuta. Charles Darwin anayesa m'caka ca 1859 kuwerenga nthawi imene madzi anatenga kukumba cigwa ca Weald ku England, napeza zaka ngati mamiliyoni 300. Anatsutsidwa kwambiri, nacotsa ciwerengeroco m'zosindikiza za pambuyo pace. John Joly wa ku Ireland anayesa m'caka ca 1899 kugawa mcere wonse wa m'nyanja ndi mcere umene mitsinje imathiramo pa caka, napeza zaka ngati mamiliyoni 90. Koma mcere umaturukanso m'nyanja nukhala m'miyala, cotero masamuwo sanaime. Wamphamvu koposa onse anali Lord Kelvin, katswiri wa za kutentha. Iye anati dziko linayamba losungunuka ndipo likuzizira monga mbatata yocotsedwa pa moto. Ndipo poona m'mene kutentha kumakulira munthu akamatsika mu mgodi, anawerenga m'caka ca 1862 kuti zaka ziri pakati pa mamiliyoni 20 ndi 400. Pofika 1897 anali atazicepetsa kukhala pakati pa 20 ndi 40. Masamu ace anali olongosoka. Colakwika cinali poyambira pace. John Perry, amene kale anali womthandiza, ananena m'caka ca 1895 kuti ngati m'kati mwa dziko muyenda pang'onopang'ono monga phala pa moto, ndiye kuti dziko lingakhale lakale kwambiri koposa apo. Perry analondola, koma dzina la Kelvin linali lalikuru, ndipo owerengeka okha anamvera.

Wotchi yeniyeni inali m'miyala momwemo. M'caka ca 1896 Henri Becquerel wa ku Paris anapeza kuti citsulo ca uranium cimaturutsa ceza pacokha, ndipo m'caka ca 1902 Ernest Rutherford ndi Frederick Soddy anaonetsa kuti maatomu a zitsulo zotere amasweka okha nasanduka zinthu zina. Uranium amathera kukhala mtobvu. Munthu wodziwa liwiro la anankafumbwe angathe kuyang'ana ufa wa pansi pa nkhokwe ndi cimanga cotsala, nanena miyezi imene yapita cikololere. Koma anankafumbwe amafulumira kukatentha. Uranium sasintha liwiro lace ndi moto kapena cisanu kapena kulemera kwa mapiri. Theka la uranium wa mtundu wocuruka limasanduka mtobvu pa zaka mamiliyoni 4,470, ndipo theka la wotsalayo pa zaka zomwezonso. Bertram Boltwood wa ku America anayesa njirayi m'caka ca 1907, napeza miyala ya zaka kuyambira mamiliyoni 410 kufikira 2,200.

Amene anapereka moyo wace wonse ku nchito yolumikiza ziwerengerozi ndi mndandanda wa maina ndiye Arthur Holmes, wobadwa m'caka ca 1890 kumpoto kwa England. Akali wophunzira ku London anapima uranium ndi mtobvu m'mwala wa nyengo ya Devonian wocokera ku Norway, napeza zaka mamiliyoni 370. Zotsatirazo zinasindikizidwa m'caka ca 1911. Caka comweco, posowa ndalama, analowa nchito yofunafuna miyala ya mtengo wapatali kumpoto kwa Mozambique. Sanapeze cuma, anadwala malungo koopsa, kotero kuti mbiri inafika kwao yakuti wamwalira. Anacira, nabwerera, ndipo m'caka ca 1913, ali ndi zaka 23 zokha, anaturutsa buku lochedwa The Age of the Earth, m'mene anaika zaka pambali pa maina a nyengo, nati miyala yakale koposa iri ndi zaka mamiliyoni 1,600. Anakonza ziwerengero zace kangapo kufikira ukalamba wace. Lero nyengo ya Devonian iwerengedwa kuyambira zaka mamiliyoni 419 kufikira 359 zapitazo, ndipo ciwerengero ca mnyamata uja cikali m'kati mwace.

Pali mfundo ina imene mabuku a ana sailongosola. Mwala wa mcenga kapena wa matope, umene usunga zigoba, supimika bwino ndi wotchi ya uranium, popeza mcenga wace unagumuka ku miyala ina yakale. Umene upimika ndi mwala umene unasungunuka nuuma, pakuti wotchi imayamba kuyenda pa tsiku louma. Cotero akatswiri amafunafuna phulusa la mapiri ophulika moto limene linagwa pakati pa magawo a zigoba. M'phulusamo muli timiyala tating'onoting'ono tochedwa zircon, timene timalandira uranium poumbika koma timakana mtobvu. Akapima phulusa la pansi ndi la pamwamba, zigoba za pakati zapezeka zaka zace. Lamulo la Steno, zigoba za Smith ndi wotchi ya Holmes zigwirizana pamenepa. Msinkhu wa dziko lenileni unapezeka ndi Clair Patterson wa ku America, amene anapima mtobvu wa m'miyala yogwa kucokera kumwamba, nalengeza m'caka ca 1956 zaka mamiliyoni 4,550. Ciwerengero ca lero ndi 4,540.

Mphunzitsi asadabwe akapeza mabuku awiri a m'kabati ya sukulu akusiyana. Ciyambi ca Cambrian cinalembedwa 600 m'mabuku ena akale, 570 m'mabuku ena, pambuyo pace 542, ndipo tsopano ciri pafupi ndi 539. Makamaka zida zopimira ndizo zanoledwa. Pofuna kupewa ndeu yonga ya Sedgwick ndi Murchison, akatswiri a maiko onse amasankha thanthwe limodzi pa dziko lapansi, naloza gawo limodzi m'thanthwemo, nagwirizana kuti nyengo yakuti iyambira pamenepo, monga mfumu ikhomera cikhomo pa malire a minda. Malo oyamba otere anasankhidwa m'caka ca 1972 ku Klonk, pafupi ndi Prague, polekanitsa Silurian ndi Devonian. Cikhomo ca Cambrian ciri ku Fortune Head m'cisumbu ca Newfoundland, ca Triassic ciri ku Meishan m'dziko la China. Nyengo yatsopano, Ediacaran, inalowa pa mndandanda m'caka ca 2004, cikhomo cace ciri ku Australia. Ndipo m'caka ca 2024 pempho lakuti nthawi ya makina ndi mabomba ikhale gawo palokha, lochedwa Anthropocene, linakanidwa pa voti. Khomo la mndandandawo silitseguka msanga, ndipo nkoyenera kutero.

Pophunzitsa, cingwe ca khonje cithandiza koposa bolodi. Cikhale ca mamita 45 ndi theka, ciyalidwe pa bwalo la mpira, ndipo mita imodzi iimire zaka mamiliyoni 100. Ana ayambe kuyenda kucokera ku ciyambi ca dziko. Atayenda mamita ngati khumi afika pa zizindikiro zodalirika za moyo woyamba, tizilombo tosaoneka ndi maso. Adzayenda, nayendabe, osapeza nsomba kapena mtengo. Patatsala mamita pakati pa 9 ndi 7 apyola miyala yosunga mkuwa ya ku Copperbelt. Mfundo ya Cambrian, pamene maina a pa tsamba lija ayambira, imangidwe patatsala mamita 5 ndi masentimita 40. Apo ana amaona ndi mapazi ao kuti tsamba lonse lija ndi kamcira cabe. Patatsala mamita awiri ndi theka ndipo pathera Permian, nyengo imene mafupa a zinyama zace apezeka m'matope ouma a m'cigwa ca Luangwa. Ndipo mafupawo anadziwika nyengo yace mwa njira ya Smith, powalinganiza ndi a ku Karoo m'dziko la South Africa. Mwala wakuda umene Zambezi agwerapo pa Mosi-oa-Tunya unali ciphalaphala ca moto patatsala mita imodzi ndi masentimita 80. Madinosa atha patatsala masentimita 66. Mamilimita atatu otsiriza, kutalika kwa kambeu ka mapira, ndiwo nthawi yocokera pa munthu wa ku Kabwe kufikira lero.

Za munthu ameneyo pali phunziro lokhudza sukulu za m'midzi. Cigaza cace cinapezeka pa 17 June 1921 m'phanga la mu mgodi wa mtobvu ndi zinki wa Broken Hill, nicitumizidwa ku London, kumene Arthur Smith Woodward anacicha Homo rhodesiensis. Koma nchito ya mgodi sinaime. Phangalo linakumbidwa lonse, ndipo magawo a dothi amene akananena msinkhu wa cigazaco anatayika. Zaka zambiri akatswiri anangoyerekeza, ena nati zaka 500,000. Kunali m'caka ca 2020, patapita zaka 99, pamene njira zatsopano zopima pfupa lenilenilo zinapereka zaka ngati 299,000. Ku mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, zinayenda mwina. Kumeneko akatswiri anapeza m'caka ca 2019 mitengo iwiri yosemedwa ndi yopingasitsidwa ndi manja a anthu akale, ikali m'mcenga momwe inakwiririka. Anapima mcengawo, ndipo pofika 2023 analengeza kuti mitengoyo iri ndi zaka zosacepera 476,000.

Mwana woweta ng'ombe m'mbali mwa mtsinje wogumuka angathe tsiku lina kudza ku sukulu ndi mbiri ya pfupa lolemera ngati mwala, kapena tsamba losindikizika m'thanthwe. Mphunzitsi apite naye pamalopo asanazule kanthu. Alembe dzina la mtsinje ndi la mudzi, apime kuya kwace kucokera pamwamba pa gombe, ajambule magawo a dothi a pamwamba ndi a pansi pace ndi maonekedwe ao, ndipo atumize mau kwa a National Heritage Conservation Commission kapena ku Livingstone Museum, pfupalo likali m'malo mwace.